Mafunso Anu: Ndafunsira Ntchito Kambirimbiri, Koma Kuli Zii

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno akulira chinthu chimodzi: munthu wafunsira ntchito, maso ali kunjira, koma kwa olemba ntchito kwangoti zii. Tasankhapo angapo n'kuwapereka kwa akatswiri athu oona za kalembedwe ka anthu ntchito. Mafunso tawafupikitsa ndipo mayina tawachotsa.

FUNSO: Akonzi, ndinamaliza dipuloma ya zowerengera ndalama chaka chatha. Pofika pano ndatumiza makalata ofunsira ntchito oposa 40, koma palibe ndi mmodzi yemwe wandiyankha, ngakhale kungondiuza kuti sizinatheke. Kodi makalatawo amawerengedwa n'komwe?

YANKHO: Pepani achimwene. Kudikira yankho losabwera kumapweteka kuposa kukanidwa, chifukwa wokanidwa amadziwa pamene waima. Tiyeni tiyende limodzi ndi kalata yanu, muone malo amene imatayikira.

Malo oyamba ndi pakhomo penipeni. Chidziwitso cha ntchito chimanena kafunsidwe kake: adilesi ya imelo, nambala ya ntchitoyo yoti ilembedwe pa mutu wa uthenga, mapepala oti aphatikizidwe, tsiku ndi ola lotsekera. Maofesi ambiri amatchera imelo yawo kuti uthenga uliwonse wokhala ndi nambala imeneyo pa mutu uzipita wokha m'foda yake. Munthu akalemba mutu wakewake, kapena akausiya wopanda kanthu, kalata yake imagwera m'bokosi lalikulu limodzi ndi mauthenga a otsatsa malonda. Palibe amene wamukana. Kungoti palibe amene wamuona. Kukula kwa mafayilo nakonso kumagwetsa ambiri. Gmail imalola kutumiza mafayilo osapitirira 25 MB, ndipo makampani ena amaika malire otsika kuposa pamenepo. Masatifiketi 8 ojambulidwa pa foni, chithunzi chilichonse pachokha, akhoza kubweza uthenga wonse. Aphatikizeni mu PDF imodzi yopepuka, ndipo fayiloyo muitchule dzina lanu ndi ntchito imene mukufunsira.

Malo achiwiri ndi mulu wa makalatawo. Tiyerekeze kuti ntchito imodzi yafunsiridwa ndi anthu 400. Wosankha atati athere mphindi 2 zokha pa kalata iliyonse, pangafunike maola oposa 13, pamene munthu yemweyo ali ndi malipiro oti akonze ndi mipata ina yoti adzaze. Muluwo wakula kwambiri zaka zino: pa LinkedIn munthu amafunsira ntchito pongodina batani la Easy Apply, ndipo chibwerereni ChatGPT mu Novembala 2022, kalata yosalala ikumalembedwa m'kamphindi. N'chifukwa chake ulendo woyamba wosankha sawerenga kuti apeze wabwino, amangoyang'ana oti achotse. Mu 2018 kampani ya Ladders inayeza mayendedwe a maso a anthu osankha ofunsira ntchito, n'kupeza kuti poyamba amathera masekondi 7.4 pa CV imodzi. M'kanthawi kameneko diso limagwera pa udindo umene munali nawo komaliza, kumene munagwira, zaka zake ndi maphunziro anu. Zimenezi zikabisika pa tsamba lachitatu, kuseri kwa ndime yaitali yonena kuti ndinu wolimbikira ndi wokhulupirika, ndiye kuti sizinaoneke. Dziwaninso kuti osankha ena safika pansi pa mulu. Akapeza anthu 10 kapena 15 oyenera amaima pomwepo, ndiye wotumiza usiku wa tsiku lotsekera amakhala wachedwa ngakhale sanaphwanye lamulo lililonse.

Nanga bwanji osangokuyankhani? M'maofesi ambiri palibe munthu amene anapatsidwa ntchito yoyankha olephera. Wosankha amafunsidwa ndi abwana ake kuti mpata wadzaza liti, safunsidwa kuti anthu 399 otsalawo auzidwa kapena ayi. Ena amadziphimba ndi kamzere kaja kokhala pansi pa chidziwitso, konena kuti adzalumikizana ndi okhawo amene asankhidwa. Ife sitikuikira kumbuyo khalidweli, koma likusonyeza kuti chete ameneyu kawirikawiri amanena za kayendetsedwe ka ofesiyo, osati za nzeru zanu.

Chimene chili m'manja mwanu ndi ichi. Tengani kope, mulembe ntchito zonse 40 zija, ndipo pa iliyonse muyankhe mosadzinamiza: kodi zonse zimene ananena kuti n'zofunika ndithu munali nazo? Kodi munatsata malangizo a katumizidwe? Munatumiza patatha masiku angati chilengezereni? Mukapeza kuti zambiri zinkafuna munthu wa zaka 5 pa ntchito pamene inu mwangomaliza sukulu, vuto si CV, ndi kumene mukuponya mbedza. Mukapeza kuti munali woyenera pa zambiri koma simunaitanidweko ngakhale kamodzi, vuto lili pa mapepala. Ndipo musanaiwale, tsegulani foda ya Spam, muonenso ngati nambala ya foni imene ili pa CV ikugwirabe. Woitana anthu ku intavyu amaimba kawiri, akalephera amapita pa dzina lotsatira.

FUNSO: Ndinamva kuti masiku ano CV imayamba kuwerengedwa ndi kompyuta, ndipo ndi imene imataya anthu munthu asanaone. Ndi zoona? Nanga ndingaigonjetse bwanji?

YANKHO: Muli choonadi, achemwali, koma nkhaniyi anthu amaithira mchere wambiri. Mapulogalamu amenewa amatchedwa ATS, ndipo odziwika ndi monga Workday, Greenhouse, Lever, Taleo ndi SAP SuccessFactors. Linki ya ntchito ikakutengerani pa tsamba lofuna kuti mutsegule akaunti ndi kudzaza fomu, kawirikawiri mwalowa mu imodzi mwa amenewa. Ntchito yawo yaikulu ndi kusunga ndi kusanja, monga kabati ya mafayilo. Koma pali malo atatu pamene munthu amasowera.

Poyamba pulogalamuyo imang'amba CV yanu n'kugawa zidutswa m'mabokosi: dzina, foni, maudindo, masiku, maphunziro. Imawerenga zilembo, ndipo yambiri imalephera pa zithunzi. CV imene munaisindikiza pa pepala kenako n'kuijambula imaoneka bwino m'maso mwanu, koma kwa pulogalamu ikhoza kukhala tsamba lopanda kanthu. Ina yokongoletsedwa ndi mizati iwiri, matebulo ndi timabokosi ta mawu imawerengedwa mosokonekera, mzere wa kumanzere kulumikizana ndi wa kumanja. Nambala ya foni yoikidwa m'kamutu ka pamwamba pa tsamba nthawi zina imadumphidwa. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani PDF yanu, sankhani mawu onse, muwakope n'kuwamata mu Notepad, kapulogalamu ka pa kompyuta kolembera mawu okhaokha. Zimene zatuluka pamenepo ndi zimene pulogalamu ikuona. Ngati palibe chatuluka, kapena zatuluka zosakanikirana, lembaninso CV ya mzati umodzi, ya mitu yodziwika, masiku olembedwa mofanana monsemo, mwezi ndi chaka.

Chachiwiri ndi mafunso a pa fomu, ndipo apa ndi pamene kompyuta imachotsadi munthu yokha. Kodi muli ndi chilolezo chogwira ntchito m'dziko limene muli ntchitoyi? Muli ndi digiri? Mwagwira zaka 3 kapena kuposa? Muli ndi laisensi yoyendetsera galimoto? Wolemba ntchito amatchera kuti woyankha "ayi" pa funso lina apite kumbali, ndipo CV yake sitsegulidwa n'komwe. Musaname, chifukwa bodza limagwidwa pofufuza mapepala. Koma musadzichepetsenso: miyezi imene munaphunzira ntchito pa kampani kapena kugwira mongodzipereka, ngati inali ntchito yomweyo, iwerengereni. Kuti sefa imeneyi imataya anthu abwino, olemba ntchito eniake amavomereza. Mu lipoti la 2021 la Harvard Business School ndi Accenture, lochokera pa kafukufuku wa ku United States, United Kingdom ndi Germany, olemba ntchito 88 mwa 100 alionse anavomera kuti anthu aluso lapamwamba oyenera ntchito amachotsedwa chifukwa sakufanana ndendende ndi zimene zinalembedwa m'chidziwitso.

Chachitatu ndi kufufuza. Wosankha akakhala ndi mayina mazanamazana amalemba liwu m'kabokosi kofufuzira, monga momwe mumachitira pa Google. Chidziwitso chikanena QuickBooks, iye amalemba QuickBooks. Inu ngati munangolemba kuti mumadziwa mapulogalamu owerengera ndalama, simutuluka, ngakhale mutakhala katswiri wake. Choncho musanatumize, ikani chidziwitsocho pambali pa CV, mulembe mzere pansi pa zida, maluso ndi mapepala amene atchulidwa, ndipo chilichonse chimene mulidi nacho muchitchule ndi dzina lomwelo. Ntchitoyi imatenga mphindi 20 kapena 30 pa kalata iliyonse, ndipo makalata 5 okonzedwa chonchi amaposa 40 ofanana.

Pali malangizo ena oyendayenda pa intaneti akuti mubise mawu a m'chidziwitso m'zilembo zoyera kuti munthu asawaone koma kompyuta iwaone. Musayese. Pulogalamu ikang'amba CV, mawu onse amaonekera poyera pamaso pa wosankha.

FUNSO: Kodi n'kulakwa kuimba foni kapena kulemba kufunsa za kalata yanga? Ndimaopa kuoneka wovuta.

YANKHO: Si kulakwa, bola chidziwitso chisakhale kuti chinaletsa. Ngati chinaletsa, lemekezani. Ngati sichinaletse, dikirani milungu iwiri kuchokera pa tsiku lotsekera, osati pa tsiku limene munatumiza, chifukwa ambiri sayamba kusankha asanatseke. Lembani imelo ya mizere inayi: dzina ndi nambala ya ntchitoyo, tsiku limene munatumiza, chinthu chimodzi chosonyeza kuti ndinu woyenera, ndi funso lakuti kusankha kwafika pati. Onetsetsani kuti simukuyankha adilesi yoyamba ndi "noreply", chifukwa kumeneko kulibe munthu. Kamodzi n'kokwanira. Pakatha milungu 6 chitsekereni osamva kanthu, ntchitoyo ichotseni mumtima, kupatula za boma ndi za mabungwe akuluakulu, zimene zimatha miyezi ingapo.

FUNSO: Ine zanga n'zopweteka kwambiri. Ndinaitanidwa ku intavyu kawiri pa kampani ina, ndinalemba mayeso, anandifunsa ngakhale malipiro amene ndikufuna. Anati andiyankha pakatha sabata. Lero ndi mwezi ndi theka. Ndinalakwitsa chiyani?

YANKHO: Mayi, mwina simunalakwitse kalikonse, ndipo pali chifukwa chomveka choganizira kuti munachita bwino. Nachi chimene chimachitika chitseko chikatsekedwa.

Gulu lofunsa mafunso limaphatikiza mapointi n'kulemba lipoti lotchula woyamba, wachiwiri, mwina ndi wachitatu. Lipotilo limapita kwa mkulu wa nthambi, kenako kwa oona za ndalama kuti atsimikize malipiro, kenako kwa mkulu wa kampani kuti asaine. Mmodzi mwa amenewa akakhala pa ulendo kapena pa tchuthi, sabata yatha. Kenako amafunsa anthu operekera umboni woyamba uja, ndipo nawo amayankha pa nthawi yawo. Akatero amamupatsa kalata, iye amapempha masiku oganizira, mwina amakambirana za malipiro, mwina abwana ake akale amamuonjezera ndalama kuti asachoke. Nthawi yonseyi wachiwiri sauzidwa kanthu, ndipo n'zadala. Akamuuza kuti walephera, woyamba n'kukana, abwerera bwanji kwa iye? Olephereratu nthawi zina amauzidwa msanga. Amene amakhala nthawi yaitali mtima uli m'mwamba ndi uja wasungidwa pambali. Woyamba akavomera, aliyense mu ofesimo amapuma, amayamba kukonzekera kumulandira, ndipo wachiwiri amaiwalika. Mkulu wa nthambi amaganiza kuti a ofesi ya ogwira ntchito amuuza, iwo amaganiza kuti mkuluyo wamuuza.

Zifukwa zina n'zakuti ndalama za mpatawo zaimitsidwa, kapena amene ankayendetsa nkhaniyo wasiya ntchito. Palinso mantha: makampani ambiri amalangizidwa ndi maloya awo kuti asamapereke zifukwa zokanira munthu, poopa milandu ya tsankho, ndipo ena amachoka pa kusapereka chifukwa n'kufika pa kusayankha n'komwe. Komanso tinene zoona, anthu ambiri amachita manyazi kuuza munthu amene anaseka naye dzulo kuti sanamutenge.

Apa ndiye ife tikuti kulakwa kuli kwa wolemba ntchito, popanda kuzungulira. Munthu amene wataya tsiku, walipira ulendo, walemba mayeso, ayenera kuyankhidwa. Kwina lamulo layamba kulowererapo. M'chigawo cha Ontario ku Canada, kuyambira pa 1 Januwale 2026, wolemba ntchito wa antchito 25 kapena kuposa ayenera kuuza munthu amene anamuitana ku intavyu, pasanathe masiku 45, ngati chiganizo chapangidwa. M'mayiko a European Union, lamulo la GDPR limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limalola munthu kupempha kuona zimene kampani ikusunga zokhudza iye, ndipo kampaniyo iyenera kuyankha pasanathe mwezi. Koma m'mayiko ambiri lamulo lokakamiza kuyankha palibe.

Chitani izi. Lemberani munthu amene anakuitanani, mumukumbutse mwaulemu tsiku la intavyu ndi sabata imene analonjeza, munene kuti ntchitoyo mukuifunabe, ndipo mufunse ngati chiganizo chapangidwa. Pakatha masiku 7, lembani komaliza, ndipo ulendo uno muikepo ndi mkulu amene anali pa gulu lija ngati muli ndi imelo yake. Funsaninso anthu amene munawalemba kuti akuperekereni umboni: ngati anaimbiridwa, munali pafupi. Mukakhala kuti kwina akupatsani ntchito, nenani zimenezo ndi tsiku limene muyenera kuyankha, pakuti palibe chimene chimafulumizitsa siginecha kuposa chimenecho. Koma musapeke nkhani yotereyi, chifukwa akhoza kungokufunirani mafuno abwino n'kukusiyani. Ulendo wina, musanadzuke pa mpando wa intavyu, funsani mafunso awiri: chotsatira n'chiyani, ndipo ndingafunse kwa ndani tsikulo likadutsa? Paja safunsa anadya phula.

FUNSO: Pali ntchito ina imene ndakhala ndikuiona ikulengezedwa miyezi 5 tsopano. Ndinafunsira, sanandiyankhe, koma akulengezabe. Kodi ntchito zoterezi zilipodi?

YANKHO: Zina zilipo, zina kulibe, ndipo ndi bwino kudziwa mitundu yake. Pali ntchito zimene anthu amalowa ndi kutuluka kawirikawiri, monga zogulitsa malonda kapena zoyankha mafoni a makasitomala, ndiye chidziwitso sichitsika. Pali zina zimene mpata unadzaza kale koma palibe anakumbukira kuchichotsa, kapena masamba ena amene amakopa zidziwitso kwina akuchionetsabe. Pali zimene malamulo a bungwe amafuna kuti zilengezedwe poyera pamene munthu wa m'kati momwemo akugwirizira kale mpandowo. Mabungwe opikisana pofuna thandizo la ndalama za pulojekiti amalengeza maudindo kuti apeze ma CV oika m'pempho lawo. Ndalamazo zikapanda kubwera, ntchito palibe, ndipo oona mtima amalemba m'chidziwitso kuti ntchitoyo idalira kupezeka kwa ndalama. Makampani ena othandiza kupeza antchito amangotolera mayina kuti adzawagwiritse ntchito m'tsogolo. Lamulo la ku Ontario lija linafikanso apa: chidziwitso chiyenera kunena ngati mpata ulipodi.

Musanataye maola, onani tsiku limene chinatuluka koyamba, muonenso ngati chili pa webusaiti ya kampaniyo yeniyeni. Chidziwitso chenicheni chimatchula nthambi, malo, amene mudzakhale pansi pake ndi tsiku lotsekera.

Mtundu woopsa ndi wa akuba. Iwowa, mosiyana ndi ena onse, amayankha msanga: mwapambana popanda intavyu, tumizani ndalama ya fomu, ya chipatala kapena ya maphunziro, pamodzi ndi chithunzi cha chiphaso chanu. Pangano nambala 181 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, la mu 1997, limanena kuti makampani opezera anthu ntchito asamalipiritse ofuna ntchito. Wokupemphani ndalama kuti akulembeni ntchito, muthaweni.

FUNSO: Ine ndili mbali inayo. Ndili ndi kampani ya antchito 12. Ndinalengeza mpata umodzi, makalata anabwera pafupifupi 300, ndipo ndilibe ofesi yoona za ogwira ntchito. Mtima umandipweteka, koma ndingayankhe bwanji onsewo?

YANKHO: Zikomo bambo pofunsa, ndipo ntchitoyi ndi yochepa kuposa momwe ikuonekera. Agaweni m'magulu atatu.

Onse amene atumiza alandire uthenga wodziyankha wokha. Tsegulani adilesi ya imelo ya mpatawo payokha, mutchere yankho lonena kuti kalata yafika, kusankha kudzatha tsiku lakuti, ndipo amene sadzamva kanthu pofika tsikulo adziwe kuti sanasankhidwe. Gmail ndi Outlook zonse zili ndi poikira yankho lotere, ndipo kutchera kwake sikutha mphindi 10. Tsiku lenileni ndi limene limamasula munthu. Mawu akuti "posachedwapa" amamumanga.

Amene simunawasankhe muwatumizire uthenga umodzi wa mizere itatu tsiku limene mwamaliza kusankha. Maadilesi awo muwaike pa Bcc kuti wina asaone dzina la mnzake, ndipo muwatumize m'magulu a 50 kuti imelo yanu isaganiziridwe kuti ikufalitsa zachabechabe. Mukagwiritsa ntchito fomu monga Google Forms polandira makalata, maadilesi onse amakhala kale mu mzati umodzi, mumangokopa.

Amene anabwera ku intavyu, mwina 5 kapena 6, awa muwaimbire kapena muwalembere mmodzimmodzi, pasanathe masiku awiri wosankhidwayo atasaina. Simukukakamizidwa kufotokoza zambiri. Chinthu chimodzi choona chokhudza ntchitoyo n'chokwanira, monga kuti amene mwamutenga wagwirapo kale ndi makina amene mumagwiritsa ntchito. Wachiwiri uja musamusiye mumdima pamene mukukambirana ndi woyamba. Muuzeni kuti anachita bwino, chiganizo sichinathe, ndipo mudzamuimbira Lachisanu likudzali. Lachisanulo likafika muimbeni, ngakhale uthenga wake utakhala wakuti adikirenso sabata ina.